Chingwe chimene ndinazula ku Chitakale

Watsegula? Chabwino. Lemba mmene ndikunenera, usakonze. Ndikudziwa kuti zambiri ukuzidziwa kale poti unalipo, koma lemba basi. Ena adzawerenga ine nditapita, ndipo sindikufuna adzamve za mbali imodzi yokha, ya ku Chitakale.

Yamba ndi iweyo. Lemba kuti amene akulemba izi ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi. Mayi ako atamwalira unali usanathe n'kuyankhula komwe bwinobwino. Maliro atatha, bambo ako anatenga njinga yawo ndi wailesi n'kubwerera kwawo, monga achitira mkamwini aliyense kuno, iwe n'kutsala ndi ine. Sindinakulande ayi. Ndi mwambo wathu ife Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi. Ndinkathyola tiyi ku esiteti dengu kumsana, iwe pachifuwa. Chikuku unadwalira pamphasa yanga. Sukulu yonse unkanyamukira pakhomo pano, kuseri kwa Nkando kuno, nsapato m'manja mvula ikagwa.

Ndiye unaphunzira, unaphunzira, mpaka ine ndinasiya kufunsa kuti uli kalasi yanji. Kenako ndikumva kuti wapeza ntchito ya kompyuta, mabwana ako ali kunja, sunawagwirepo n'chanza chomwe. Chaka chino, nyengo ya chiperoni, unaimba foni kuti, "Agogo, ndikubwera kudzakhala miyezi itatu, ntchito yanga ndimatha kugwirira kulikonse." Kulikonse. Mawu amenewo ulembe bwino, unanena wekha.

Ine ndinazira nyumba yonse. Mphasa yatsopano ndinakatenga pa Nkando. Kalongonda ndinamutereka m'mamawa, kuwiritsa, kutaya madzi, kuthiranso, kutaya, tsiku lonse, poti kalongonda wothamangira amazunguza mutu. Unafika, unadya, unanyambita zala ngati kale. Ine mtima m'malo.

Unagona masiku awiri. Tsiku lachitatu ndikuona uli pachulu paja, foni waikweza m'mwamba ngati ukuthyola mango. Sola yangayi ukuidziwa, imangokwana babu limodzi ndi foni. Unatsika pachulu nkhope itagwa, n'kuti, "Agogo, kuno netiweki ikuvuta, ndipo laputopu ikufuna magetsi enieni. Ndizikagwirira kwa agogo a ku Chitakale, madzulo ndizibwera."

Agogo a ku Chitakale. Lemba kuti amenewa ndi amayi a bambo ako, asewere anga. Mayi wamtali, wa magalasi. Amuna awo anali kalaliki ku esiteti komwe kuja, ine ndikunyowa m'mizere ya tiyi iwo akusita makolala. Ali ndi nyumba ya malata, magetsi, ndi timanyumba ta lendi kuseri. Sitinayambanepo, usalembe kuti tinayambana. Pamaliro timapatsana moni bwinobwino. Kungoti moni wake ndi wa m'mano.

Sabata yoyamba unkabweradi. Yachiwiri unayamba kuti maminibasi akuchedwa kudzaza. Yachitatu chikwama chako chinasamuka, mswachi ndi zonse. Kalongonda wachiwiri ndinagawa kwa aneba.

Ndikanapirira, koma tinakumana ku Mulanje Mission, tsiku loyezetsa kuthamanga kwa magazi. Mabenchi mbwee, koma malo otsala anali pafupi ndi iwo basi. Tapatsana moni, ndiye akuti, "Asewere, mwana uja akugwiratu ntchito yaikulu. Amandifotokozera zonse, ine ndili pambali ndi tiyi wanga."

Ndinati, "Eya, nanenso amandifotokozera." Bodza. Iwe unali usanandiuzepo kanthu, ukafika kuno nkhani inali ya nkhuku ndi ya mawondo anga.

Akuti, "Ndiye mwamva za zitseko zanga?"

Ndinati, "Zitseko zatani?"

Akuti, "Wazijambula. Akazionetsa kwa anzake onse a kunja pamsonkhano wawo wa pa makina. Akuti popanda zitseko zanga sakanatha kuwafotokozera bwino." Ananena mokweza, mzere wonse unatembenuka. Mayi wina mpaka anati, "Odala inu." Odala iwo. Nditalowa, anamwino anandimanga chija cha pamkono kawiri, n'kundifunsa ngati ndachulutsa mchere. Ndinati mchere ndinasiya kale, awa ndi mawondo.

M'mawa mwake ndinaphika kalongonda wachitatu. Tsiku linalo ndinamuika m'dengu ndi nanazi ziwiri, ndinavindikira ndi chitenje, ndinakwera minibasi. Ndinakupeza pabalaza pawo, patebulo la nsalu ya maluwa, kapu ya tiyi pambali, wavala sweta ya asewere. Sweta yawo. Ndinakhala pansi osadikira kupatsidwa mpando, n'kuti, "Undifotokozere ntchito yakoyi. Kuyambira poyamba. Makutu ndili nawo nanenso."

Tsopano ndinene mmene unandiuzira, uone ngati mutu wosaphunzirawu sugwira.

Unati mkati mwa makinamo muli chinthu chimene chimayendetsa zonse, mumachitcha kenelo, ngati mwini khomo. Chikavuta china, anthu amafuna kusuzumira kuti aone chikuchitika n'chiyani, makina akuyendabe, osazimitsa. Ntchito yako ndi kukonza posuzumirapo, ndi mafunsidwe ake. Koma unati zamkatimo ukangoziona ndi manambala okhaokha, ngati nyemba, nandolo ndi khobwe zothiridwa m'thumba limodzi. Kuti udziwe kuti ichi n'chamtundu wanji, n'chachikulu bwanji, chili ndi zigawo zingati, pamafunika kaundula. Kenelo ili ndi kaundula wake, mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Wosuzumira akafunsa, amayang'ana m'kaundulamo. Mpaka pamenepo palibe vuto. Ndanama?

Vuto unati ndi obwera. Pali tizigawo tina timene sitikhala momwemo masiku onse, timalowetsedwa tikafunika, ntchito ikatha n'kuchotsedwa. Mamojulo. Iliyonse imabwera ndi kaundula wakewake wa mitundu yake, ndipo manambala ake amayambira pamene a kenelo athera. Zonse zimayambira pomwepo. Ndiye posuzumira pakale paja pankangodziwa kaundula wa kenelo, za obwerazi n'kumangoti sindikuzidziwa. Ukati upaphunzitse, upeza nambala imodzi ili ndi eni ake atatu.

Usanamalize, asewere anadumphira. "Ngati zitseko zanga. Tiyeni mukaone, asewere." Anandikoka ngati ndikukaona mwana wobadwa kumene. Nyumba yaikulu ili ndi zitseko ziwiri, wani ndi thuu. Mdadada wa lendi wa kumanja wopenta analemba filii, folo, faifi. Patapita zaka anamanga mdadada wa kumanzere, wopenta wina anayang'ana nyumba yaikulu, nayenso n'kuyambira filii, folo, faifi. Ndiye mlendo akabwera kuti ndikufuna a nambala folo, mpaka umufunse kuti a mdadada uti. Basi. Nzeru yonse ndi imeneyo. Utoto wake wabuluu, wina wayamba kale kusupuka.

Ndinati, "Ndiye kusokoneza kwa wopenta ndi kumene kukupita kunja?"

Akuti, "Kukupita, asewere. Ndi maluwa anga omwe atuluka pachithunzipo."

Titabwerera m'nyumba unapitiriza. Unati iwe ukufuna wofunsa aziyamba watchula dzina la mojulo, kenako chinthu chimene akufuna. Akapanda kutchula, ziziyang'anidwa mu kenelo mokha, osagogoda khomo lililonse mongoganizira. Mnzako wina akuti ayi, tingopereka manambala atsopano kwa onse, mzere umodzi. Iwe ukukana, poti wina akachoka wina n'kulowa, nambala ya dzulo lero iloza munthu wina. Unati ntchitoyo akubwezera kanayi. Ndipo pali mkulu wina kumeneko, wovuta ngati kapitawo, amene amati mafunsidwe mukangowatsegulira anthu simudzawasinthanso, anthu amangirapo zawo. Ndiye aliyense akuopa kulakwitsa.

Chotsala unati ndi ichi: munthu akusuzumira za mojulo ina, mojuloyo n'kufuna kuchoka, nanga pamenepo? Kuigwira, kapena kuileka ipite wosuzumira n'kutsala akuwerenga kaundula wa munthu amene wasamuka?

Apo ndinaona kuti mpata wanga wafika. Ndinati, "Amenewo si anthu a lendi. Ndi akamwini. Mudzi uli ndi eni ake, iwo amabwera ndi maina a kwawo, ndi khasu lawo, ntchito ikatha amapita. Koma munda ukadali pakati sachoka. Gwira."

Asewere anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono. Akuti, "Ndiye mwana wanga anali mojulo yanu, eti asewere? Ntchito itatha munamuchotsa."

Ndinati, "Sindinatchule munthu."

Iwe unangoyang'ana pa makina. Kenako unati, "Agogo, chitsanzo chanu n'chabwino, koma anzangawo ukamwini saudziwa. Zitseko aliyense amazidziwa." Unanena mofatsa, sindikukana. Koma chinandilowa ngati minga ya pansi pa phazi. Mwambo umene unakusunga iwe wamoyo anthu saudziwa, koma utoto wosupuka amaudziwa.

Tsopano apa ulembe osandiyang'ana. Foni yako inalira, unatuluka panja. Asewere anapita kukhitchini kukafuna mbale yoikamo kalongonda. Ndinatsala ndekha ndi makina. Kunsi kwa tebulo kunali zingwe zakuda zopiringizana ngati mizu ya nthochi, zonse zikupita pakhoma. Ndinaganiza kuti chinthu ichi chimadyera pachingwe. Chingwe chikasowa chifooka. Mwana afufuza, adziwa kuti ndatenga ndine, alondola ku Nkando. Akangofika pakhomo panga, zinazo ndidziwa ndekha. Kuti kwanga kulibe polowetsa chingwecho, zimenezo sizinabwere m'mutu. Ndinasankha chonenepa kuposa zonse, poti ndinati ntchito yaikulu imadyera pachingwe chachikulu. Ndinazula uku ndi uku mothamanga, osayang'ana kumene chalowa, n'kukulunga m'chitenje, pansi pa dengu. Ndinatsanzika mwaulemu kwambiri. Asewere mpaka anandiperekeza pa siteji.

Tsiku loyamba ndinasesa bwalo kawiri. Njinga iliyonse yodutsa pamsewu ndinkadzuka. Tsiku lachiwiri ndinapha nkhuku, ndikuti afika ndi mkwiyo, mkwiyo umatha ndi msuzi. Palibe. Foni osalira. Chingwe chili pansi pa mphasa yako yatsopano ija, ine ndikuchiponda ngati ndikubisa njoka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina wagula china, ndipo kuti ngakhale kukwiya sukundikwiyiranso.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndikumva kabaza waima. Ndituluke, si iwe. Asewere, ambulera m'manja, nsapato zotseka, akutsika ngati akutsika m'galimoto.

"Odi kuno."

"Odini, asewere. Mwasochera?"

Ndinawayalira mphasa ina, yakale. Tinafunsana za mawondo, za chiperoni, za maliro a kumpingo. Anamwa madzi. Kenako akuti, "Ndabwera kudzatenga chingwe cha ketulo yanga."

Ndinati, "Ketulo?"

"Ketulo ya tiyi. Masiku atatu ndikukoleza mbaula m'mawa uliwonse, maso awa akulira utsi. Cha mwanayo n'chopyapyala, chili ndi kabokosi pakati. Mukadzafunanso mudzatenge chimenecho."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinati, "Mwina chinagwera m'dengu."

Akuti, "Eya. Chinadzizula pakhoma, chinadzizula ku ketulo, n'kudzikulunga m'chitenje. Zingwe za masiku ano."

Ndinalowa, ndinakachitenga, ndinachiika patsogolo pawo. Ndinati, "Mwana akudziwa?"

"Ndi amene wandiuza kuti ndikayang'ane ku Nkando. Anaseka mpaka misozi. Kenako anasiya kuseka, anangokhala."

"Nanga osabwera yekha bwanji?"

"Akutumiza ntchito ija kachisanu. Sakudya n'komwe. Kalongonda wanu ndi amene akumutola ndi zala ali pa makina. Mpunga wanga akuusiya."

Zimenezo zinandikomera, ulembe. Koma sanathere pomwepo. Anapinda chingwe chija bwinobwino, n'kuchiika m'chikwama, ndiye akuti, "Asewere, inu mwakhala naye zaka zonsezi. Ine ndinkamuona pa Khirisimasi, atavala diresi limene ndatumiza ndekha, akundigwadira ngati mlendo wa kumpingo. Dzino lake loyamba linagukira kwa inu. Magetsi andibweretsera mdzukulu masabata ochepa okha, inu mwayamba kale kuzula zingwe."

Ndinati, "Mwambo sindinauyambitse ine."

Akuti, "Magetsi nanenso sindinawayambitse ine."

Usalembe kuti ndinawamvera chisoni. Chabwino, lemba kuti pang'ono. Ndinawapatsa nkhuku ija, anadya ntchafu zonse ziwiri. Koma pokwera kabaza anati, "Chithunzi chija akuti anzake achikonda," ndipo chisoni chija chinathera pomwepo.

Loweruka unabwera, makina utawadzaza magetsi kumeneko. Sunandikalipire, ndipo bola ukanandikalipira. Unakhala pakhonde apa n'kuti, "Agogo, munaona zingwe zofanana n'kuzula osafunsa kuti n'cha ndani. Ndi zomwezo ndikulimbana nazo miyezi yonseyi." Ndinati ndiye undiike pamsonkhano wakowo ngati chitsanzo, ndi ketulo yomwe. Unati ayi, mungadzandidandaule. Ndinaganiza tsiku lonse, ndipo mpaka pano sindikudziwa chabwino n'chiti, kutchuka ndi ketulo kapena kusatchuka n'komwe.

Unandiuzanso kuti ulendo wachisanuwu mkulu wovuta uja wavomera. Wofunsa aziyamba ndi dzina la mojulo, monga unkafunira. Ndipo munthu akamasuzumira, mojulo izigwiridwa, isachoke, akamaliza n'kuimasula. Ndinati, "Si zimene ndinanena ine? Gwira." Iwe unati munali mutaganiza kale choncho ine ndisanabwere. Kaya. Pano ukulemba zanga, ndiye lemba kuti ndinanena ine, pabalaza pa asewere, iwo akumva. Za kumasulazo ndi zanu, ine sindinanene.

Ndiye tinapangana kuti Lachisanu madzulo uzibwera kuno, Lolemba m'mawa uzibwerera. Asewere anavomera msanga, ndipo ndinadziwa kuti apindula ndi iwo. Ndinawerenga ndi zala: anga masiku awiri athunthu, awo asanu. Unati usiku wake ndi utatu kwa ine, unayi kwa iwo, kusiyana n'kumodzi. Usiku munthu amagona, ndimamuona bwanji? Ndipo miyezi itatu ija yatsala masabata awiri, ubwerere kutauni, kumene kulibe ine kulibe iwo.

N'chifukwa chake ndinati pasanathe masabatawa, m'makina amenewa mulowe changa nanenso. Iwo ali ndi chithunzi chimodzi. Chithunzi munthu amayang'ana kamodzi n'kudutsa. Izi ndi masamba angati tsopano? Anayi? Tembenuza ndione. Timizere tonseti ndi ine? Tochepa bwanji tilembo take. Kuza pang'ono, akhale asanu ndi limodzi.

Ukuyang'ananji pakona apo? Batire? Katsala kangati? Aa, nanga si unati wadzaza. Magetsi a ku Chitakale nawonso ndi ochepa mphamvu, dzuwa silinapendeke n'komwe. Ndimafuna ndinene za chikuku chija, mmene ndinakuberekera wapansi mpaka ku chipatala, asewere ali ku Chitakale akusita makolala. Lemba chomwecho mwachidule, kasanazime. Walemba? Sunga kaye, ndinakuona umadina penapake kuti zisathawe.

Tseka tsopano, kalongonda wazizira. Lolemba ukakalowetsa chingwe chako chopyapyalacho kumeneko, izi usawawerengere. Kapena awerengere, adziwe kuti masamba ndi asanu ndi limodzi. Koma pa ketulo udumphe.